Mng'ono Wanga Atasiya Tenisi

Mng'ono wanga atabwera kudzakhala nafe ku Thamesmead, kuno ku London, anati ndi za masabata ochepa chabe, dzanja likangopola apita. Tsikulo kunkawaza kamvula kosatha ka dziko lino, lifiti ya pamafulati pathu inali itafa monga mwa masiku onse, ndipo poti mwini katundu dzanja lake lamanja linali m'chikhakha, wonyamula kukwera masitepe ndinali ine. Ndinali nditangoweruka kuchipatala kumene ndimagwira ntchito ya unesi, mapazi akuyaka. Ndinakweza masutikesi, ndinakweza chikwama chachitali cha malaketi, pomaliza ndinakweza makina omangira zingwe za malaketiwo, chitsulo cholemera ngati mwala wa mphero. Iye ankayenda patsogolo dzanja lili pachifuwa, akundilangiza kuti ndizipinda mawondo ponyamula, apo ayi ndidzalira ndi msana ndikadzakula.

Anakhala zaka ziwiri ndi kanthu. Amati mlendo ndi mame, koma wathuyu dzuwa linkatuluka n'kulowa iye ali pomwepo.

Tinabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, kumene bambo athu anafika kuchokera ku Dedza ali mnyamata. Pa famupo panali kalabu ya azungu, ndipo ntchito ya bambo inali yosamala mabwalo a tenisi, aja omangidwa ndi dothi la chulu. M'mawa uliwonse ankathirira, kugudubuza chigudumu chachitsulo, n'kujambula mizere ndi laimu. Ine ndinali woyamba kubadwa, choncho yanga inali ntchito ya kumpopi ndi kukhitchini. Mng'ono wangayo, wobadwa ine ndili kale kusukulu, ankangolondola bambo kumabwalo. Anayamba ndi kutola mipira. Kenako anayamba kumenya mpira wothothoka ubweya pakhoma la balani, ndi laketi yothyoka imene bambo anailumikiza ndi waya. Mayi wina wophunzitsa tenisi wochokera mu Harare anamuona, ndipo kuyambira pamenepo mwanayo anasiya kukhala wathu. Anapita kusukulu ya m'tauni, kenako ku Amereka. Pamene ine ndinkakhazikika kuno ku London, kusambitsa nkhalamba masana n'kumawerenga za unesi madzulo, iye anali atayamba kusewera tenisi ngati ntchito.

Anthu akamva zimenezi amaona magalimoto ndi zikho zonyezimira. Ine ndinkaona zovala zakuda. Fulati yanga ndiyo inali depoti yake. Ankatulukira ndi chikwama chonunkha thukuta, kuchapa, kugona ngati wafa, n'kunyamukanso kupita kumatauni a ku Egypt, ku Tunisia kapena ku Turkey amene ine ndinkalephera ngakhale kuwatchula. Mipikisano yake yambiri inali ing'onoing'ono, yoonerera anthu osadzaza n'komwe basi imodzi. Akapambana, mphoto inkathera pa ndege ndi hotela. Pasipoti yake inkagona ku maofesi a maviza kuposa m'thumba mwake, ndipo wokaitenga, pa tsiku langa lopuma, ndinali ine. Sindikunena kuti sankatha. Ankatha ndithu. Anatengapo zikho zingapo, anaimirapo dziko lathu, ndipo chaka china anakwera mpaka analoledwa kusewera m'ndime zodzipezera malo mu mpikisano waukulu uja wa pa udzu umene umachitika kuno m'chilimwe.

Kutchalitchi kwathu ku Woolwich sabata ndi sabata ankandifunsa chifukwa chimene sankamuonera pa TV. Ndinafotokoza mpaka malovu kuuma kuti osewera alipo ambirimbiri ndipo a pa TV ndi ochepa, koma nkhope zawo zinkasonyeza kuti akuganiza kuti mwina ndikunama, mwina ndikubisa chuma. Amayi athu kumudzi ndiye anali atauza aliyense, kuyambira wogulitsa tomato mpaka abusa, kuti mwana wawo amasewera pamaso pa mafumu a ku Mangalande.

Ndinapita kukamuonerera kamodzi kokha, pa ndime zodzipezera malo zomwezo. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, ndinavala chitenje changa chabwino, ndinakwera basi, sitima, sitima ina ndi basi inanso. Bwalolo linali laling'ono, timipando tapulasitiki m'mbali. Ankasewera ndi mtsikana wina wamtali ngati mlongoti. Mng'ono wanga atamenya mpira umene unadutsa mnzakeyo ngati mphezi, ndinaimirira n'kuimba nthungululu. Ndinachita zimene mzimayi aliyense wakwathu akanachita. Woyimbira masewero, ali pamwamba pa mpando wake wautali, anapempha bata pa maikolofoni, anthu onse anacheuka, ndipo mng'ono wanga anandiponyera diso limene ngakhale galu woba nyama samuponyera. Analuza. Pobwerera, titafika ku Woolwich, anangoti ndinamubalalitsa maganizo. Mpaka lero sindiona cholakwa changa. Ine ndimabaya jekeseni wodwala akukuwa, achibale ake akutukwana kumbuyo kwanga, ndipo mtsempha ndimaupeza.

Dzanja linayamba kuvuta patapita zaka zingapo, pamfundo penipeni. Anamuchita opaleshoni, anabwerera pabwalo, linatupanso, anamuchitanso. Ulendo wachiwiriwo dokotala sanamubisire. Ali ndi zaka makumi atatu ndi pang'ono, ntchito inathera pomwepo, popanda phwando, popanda nkhani mu nyuzipepala. Ndi mmene anafikira pakhomo panga.

Ndinkaganiza kuti ndikulandira munthu wosweka mtima, ndipo ndinakonzeka kumutonthoza. Amene anabwera anali msilikali. Kusanache kwenikweni anali atadzuka kale, akudumphadumpha pa balaza mpaka mayi wa fulati ya pansi pathu anayamba kugogoda denga lake ndi tsache. Kenako ankapita kukathamanga m'mbali mwa mtsinje, kaya kuzizire kaya kugwe mvula, n'kubwera ndi matope mpaka pa kapeti. Mufiriji yanga, mmene ndinkasunga nsomba zouma, nkhwani wowiritsa ndi nyama ya mbuzi ya ku msika wa Woolwich, munadzaza timatumba ta ayezi tokandira dzanja. Tsiku lina ndinapeza mbuzi yanga ili pasinki ikusungunuka, ati inkatenga malo. Chakudya chilichonse ankachiyeza pa sikelo. Ndiwo zanga ankazisuzumira ngati akusuzumira m'chimbudzi, n'kufunsa kuti mafuta onsewo ndi a chiyani. Makina aja omangira zingwe anakhazikika pa tebulo lodyera, ndipo ife eni nyumba tinayamba kudyera pa miyendo.

Amuna anga, amene amayendetsa basi, poyamba ankangoseka. Ankati ndimusiye mlamu wawo, wazolowera moyo wa m'mahotela. Zoona anali atazolowera. Kapu akamwera ankaisiya pomwepo, thaulo pansi, ngati kubwera munthu wovala yunifolomu kudzatola. Ndipo ankabweradi wovala yunifolomu, ine. Munthu amene anali atazungulira dziko lonse yekha, wodziwa kukangana ndi a pa bwalo la ndege m'zilankhulo zitatu, sankadziwa tsiku limene galimoto ya zinyalala imabwera. Anali asanagwirepo ntchito yoti wina n'kumuuza chochita. Anali asanakhalepo pa msonkhano wa amayi, asanaphikepo pa maliro, asanadikirepo pamzere wa kwa dokotala wamba. Pa tebulo tikamasewera makadi ndi ana anga ankasewera ngati pali chikho, mpaka wamng'ono analira n'kulumbira m'Chingerezi chake kuti sadzaseweranso ndi anti.

Chikhakha chitachoka ndinayamba kumusakira ntchito. Mnzanga wa kuchipatala ankadziwa munthu woyendetsa maphunziro a tenisi a ana pa mabwalo a m'paki ina kufupi ndi Woolwich. Anamulandira ndi manja awiri, poti si kawirikawiri kupeza munthu woti anaseweradi. Sipanathe nthawi. Ana ankabwera Loweruka m'mawa kudzasangalala makolo awo akumwa khofi pa benchi, iye n'kumawathamangitsa kuzungulira bwalo mpaka malilime panja. Mayi wina atamufunsa ngati mwana wake ali ndi tsogolo pa tenisi, anayankha kuti alibe, miyendo yake ndi yaulesi ndipo mtima wake suli pomwepo, bola amuyese kusambira. Atandiuza, ndinamufunsa ngati sakanatha kungoti mwanayo akuyesetsa. Anadabwa kwenikweni. Anati mayiyo anafunsa funso, ndiye akanamunamiza bwanji.

Ntchito yachiwiri inali ya m'sitolo ya zamasewero. Kumeneko anachotsedwa chifukwa chouza makasitomala kuti asataye nthawi ndi laketi yodula, vuto lawo si laketi. Ndinakhala pansi kukhitchini n'kugwira mutu. Ndinaimbira amayi kumudzi kuti andithandize kumulankhula, koma iwo anangoti ndimupirire, mwanayo ndi wa mtundu wina, Mulungu anamupatsa mphatso. Ndinafuna kufunsa kuti nanga ine anandipatsa chiyani, tsache? Ndinangomeza.

Zinafika pachimake pa tsiku la chisangalalo cha mpingo, m'chilimwe cha chaka chachiwiri. Tinasonkhana m'paki, abambo akuotcha nyama, amayi titayala zitenje pa udzu, ana ali balala. Pafupi pomwepo panali bwalo la tenisi la khonsolo, neti yake yolendewera pakati. Amuna anga anali atakhala akudzitama m'nyumba kwa miyezi kuti ku sekondale ankasewera tenisi ndipo anali oopsa. Tsikulo, atakhuta soseji, ndi amuna anzawo akuwakolezera, anaitana mlamu wawo kuti alowe m'bwalo. Wina anali ndi malaketi m'galimoto.

Ndinamukokera pambali mng'ono wangayo. Ndinamukumbutsa mawu a dokotala, kuti dzanja lamanjalo lisagwirenso laketi. Anati asewera ndi lamanzere. Ndinamupempha, monga mkulu wake, kuti awasiyireko alamu akewo timapointi tingapo, ndi bambo wa ana, ndi mkulu wa mpingo, ndipo anthu onse akuona. Anandiyang'ana ngati ndamupempha kuti abe m'thumba la chopereka.

"Asisi, ndiwasiyire bwanji? Mpira ukabwera ndiuyang'ane?"

"Uumenyere kunja. Kapena mu neti. Aliyense amalakwitsa."

Anangoti aona, n'kulowa.

Sanaone kanthu. Ndi dzanja lamanzere lomwelo anawayendetsa amuna anga uku ndi uku ngati mbuzi ya pachingwe. Mpira wina kumanja, wina kumanzere, wina wautali, wina wongodontha kuseri kwa neti. Anthu poyamba ankaseka ndi kuwomba m'manja, kenako kuseka kunayamba kuchepa, chifukwa bambo wamkulu anali wefuwefu, malaya atamatirira pamimba, osapeza ngakhale pointi imodzi. Mwamwayi chabe, mpira wina unagunda m'mbali mwa laketi yawo, unakwera, n'kukagwera pamzere. Amuna onse anafuula ngati tapambana nkhondo. Ndinaona nkhope ya mng'ono wanga ikusintha, ndipo ndinadziwa. Anasamutsira laketi ku dzanja lamanja, anaponya mpira m'mwamba n'kuumenya mmene ankamenyera kale. Unalira ngati mfuti. Amuna anga, m'malo mongousiya udutse monga munthu wanzeru, anaudumphira. Tinamva kuti thaa, ngati lasitiki yaduka, ndipo anagwa chagada atagwira mwendo. Kutsidya kwa neti mng'ono wanga anali atagwetsa laketi, atafumbata dzanja lake pamimba, milomo ili mbuu.

Ndinawatengera onse awiri kuchipatala, chomwecho chimene ndimagwirako ntchito. Anzanga anandiona ndikulowa nditavala chitenje ndi duku la mpingo, uku ndikukankha mwamuna pa njinga ya odwala, uku mng'ono ali pambuyo ndi dzanja lotupa ngati chinangwa. Wina anafunsa ngati inali ngozi ya galimoto. Ndinati ayi, anali mapemphero. Amuna anga anali ataduka mtsempha wa kuchidendene. Dalaivala wa basi wopanda phazi lamanja ndi munthu wokhala pakhomo, ndipo dokotala anatiuza kuti zitenga miyezi.

M'mawa mwake ndinamupeza mng'ono wanga kukhitchini akuyeza phala la oti pa sikelo ndi dzanja limodzi, ngati palibe chachitika. Zonse zimene ndinakhala ndikumeza zinatuluka. Ndinayamba ndi mbuzi ya pasinki. Ndinanena za mathaulo, za mayi wa pansi ndi tsache lake, za ntchito ziwiri zimene ndinachita kugwada kuti azipeze, za manyazi a dzulo pamaso pa mpingo. Ndinamuuza kuti moyo wake wonse anthu akhala akumunyamulira zikwama, bambo, amayi, ine, ndipo sanacheukepo kuona amene akunyamula. Kenako ndinanena chimene ndinali ndisananenepo. Bambo atamwalira, ine ndinakwera ndege ndekha, ndinasambitsa amayi ndekha, ndinayankha ndekha achibale onse ofunsa kuti mwana wokondedwa uja ali kuti. Iye anali ku mpikisano, atafika ndime yachiwiri kwa yomaliza, ndipo sanabwere.

Anazimitsa sikelo. Ndinaganiza kuti atuluka monga ankachitira tikayambana. Koma analankhula, motsitsa, akuyang'ana m'mbale.

"Amayi anandiimbira okha. Anati bambo ako akanakukwapula ukanasiya masewero pakati. Ndinasewera, ndinapambana. Inu munalira pamanda muli ndi anthu okugwirani. Ine ndinalirira m'bafa ya hotela, m'mawa mwake n'kukasewera ndime yomaliza, n'kuluza. Palibe anandifunsapo."

Anapitiriza kuti kuyambira ali kamwana aliyense ankamuuza chinthu chimodzi, kuti asapereke pointi yaulere kwa munthu. Bambo ankamubweza kukhoma la balani akaphonya. Makochi ankamukalipira akamwetulira mnzake wosewera naye. Ngakhale ine, anatero, ndinkamuimbira foni akaluza kumufunsa kuti chachitika n'chiyani. Tsopano tonse tikufuna kuti chaka chimodzi chokha akhale munthu wina, wodziwa kuluza mwaulemu ndi kunamiza makolo a ana.

"Sindidziwa kuchita china, asisi. Ndikadzuka m'mawa sindidziwa kuti tsikuli ndi la chiyani. N'chifukwa chake ndimathamanga."

Zinandilowa, sindikana. Ndinamugwira paphewa, iye anapukusa mutu kuti ndisayambe zolira. Kenako anatenga phala lake kupita nalo ku balaza, poto n'kumusiya pa chitofu osamunyika n'komwe m'madzi. Ndinamuyang'ana potoyo, ndinapumira m'mwamba, ndinatsuka.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti ayamba kuyang'anira mwendo wa alamu ake. Palibe anamupempha, ndipo sanapepese ndi pakamwa. Anangotulukira m'mawa wina ndi timatumba take ta ayezi n'kuwauza kuti akweze phazi pa pilo. Munthu amene wavulala kambirimbiri amadziwa njira yonse ya kuchira, ndipo iye ankaidziwa ngati njira ya kumpopi. Zimene a kuchipatala ankawauza amuna anga kuti azichita kunyumba, zimene ndikudziwa kuti paokha akanachita tsiku limodzi n'kuiwala, iye ankaziimirira. Nthawi itakwana yoyamba kuponda, ankawatulutsa pakhonde kuyenda ndi ndodo uku ndi uku. Kenako masitepe. Ndinkaweruka n'kuwapeza pakati pa masitepe, bambo thukuta kamukamu akuchonderera kuti apume, iye ali pamwamba manja m'chiuno akuti atsala pang'ono.

Amuna anga ankadandaula kwa ine mobisa. Ankati mlamu wawo alibe chifundo, ndi bwino kundende. Ndinkawakumbutsa kuti analowa okha m'bwalo muja. Koma mwendo unkachira, ndipo a kuchipatala ankadabwa mmene unkachirira. Posakhalitsa kudandaula kuja kunasanduka kudzitama. Anayamba kundiuza za minofu imene ine nesi ndinaiphunzira iwo asanaimve n'komwe. Anasiya shuga mu tiyi. Tsiku lina ndikuthira mafuta mu ndiwo ndinamva mawu kumbuyo kwanga akufunsa ngati onsewo ndi ofunika, ndipo sanali mawu a mng'ono wanga. Ndinatembenuka ndi chipande m'manja. Anabwerera okha ku balaza, akutsimphina mofulumira kuposa mmene dokotala analolera.

Ndiye m'nyumba mwanga munakhala asilikali awiri. Ankakhala pa sofa kuonera tenisi pa TV, iye akuwafotokozera chifukwa chimene uyu waluzira, iwo akugwedeza mutu ngati akumva ulaliki. Nthawi zina pankaoneka mtsikana amene iye anaseweranapo naye kale, wina amene anamugonjetsapo kumene ali achichepere. Pamenepo ankangonyamuka kukavala nsapato zothamangira. Amuna anga anaphunzira kusintha tchanelo asanauzidwe.

Anali mayi wina wa kuchipatala, wothandiza anthu ovulala kuyambanso kuyenda, amene anamuuza mng'ono wanga kuti pali maphunziro a ntchito yotere. Ine ndinali nditanenapo zofanana ndi zomwezo miyezi ingapo m'mbuyomo ndipo anandiyankha kuti sindimumvetsa. Atanena mlendo, zinakhala nzeru. Anaphunzira mmene amachitira chilichonse, ngati pali munthu kutsidya amene ayenera kugonja. Atamaliza anapeza malo ku Wembley, pa nyumba ina yothandiza anthu ochira ku zovulala, ndipo anapeza kachipinda konko poti kuchokera ku Thamesmead ndi ulendo wa tsiku. Ndinkadikira kumva kuti amuchotsa. Sanamuchotse. Akuti odwala amamuopa, ena amatuluka akulira, koma sabata yotsatira amabwera n'kupempha yemweyo. Nkhalamba ina inamuuza kuti ndi munthu woyamba kusainamiza chichitireni ngozi. Anandifotokozera zimenezi akundiyang'ana m'maso, kudikira kuti ndivomere kuti iye ndiye ankalondola nthawi yonseyi. Ndinamuuza kuti ana a m'paki aja sanali ovulala.

Atasamuka, nyumba inakula. Mayi wa pansi anayambanso kundipatsa moni. Koma mtendere wake unali wa theka, chifukwa amuna anga, atabwerera kuntchito, anagula laketi. Munthu wa imvi, woti mwendo unachita kusokedwa. Loweruka lililonse limene sali pa shifiti amakwera sitima kukakumana ndi mlamu wawo, ndipo amabwera akuwala nkhope, akusimba kuti lero anabweza mipira ingapo motsatizana. Sanapambanepo ngakhale gemu imodzi, ndipo akuti n'chimene chimawasangalatsa, poti tsiku limene adzapambane adzadziwa kuti sanapatsidwe.

Kenako mng'ono wanga anatembenukira kwa ine. Bondo langa lamanzere lakhala likundivuta, monga amachitira mawondo a manesi onse a msinkhu wanga, ndipo ndinalakwitsa kutsimphina iye akuona. Anayamba kuimba foni. Sankafunsa za ana kapena za amayi, ankangofunsa ngati ndapanga zimene anandionetsa. Ananena kuti vuto si bondo, ndi kulemera kwanga ndi minofu yaulesi. Ndinamukumbutsa kuti ndine mkulu wake ndipo ndinamubereka kumbuyo. Anati n'chifukwa chake akundiuza, akufuna ndidzayende ndekha ndikadzakalamba, chifukwa iye ndi dzanja lakelo sadzatha kundinyamula.

Ananditopetsa mpaka Loweruka lina ndinavomera kupita nawo. Anati tingomenya pang'onopang'ono, zongotakasa thupi. Ndinavala siketi ndi nsapato zanga za kuntchito. Anandigwiritsa laketi, anandikonza zala chimodzichimodzi, anapita kutsidya n'kuyamba kundiponyera mipira yofewa ndi dzanja lamanzere. Woyamba ndinauphonya. Wachiwiri unapita kubwalo la eni ake. Wachitatu ndinaumenya bwinobwino, unadutsa neti n'kugwera mkati, ndipo ndinamva kanthu kena kokoma kakuyenda kuchokera m'dzanja mpaka paphewa. Ndinamuyang'ana kuti anene kanthu.

"Miyendo, asisi. Mwaima ngati mukudikira basi."

Ananena mokweza, anthu a mabwalo oyandikana akumva. Amuna anga, ali pa benchi, anavomereza kuti zoonadi miyendo. Ndinaika laketi pansi mwaulemu, ndinatenga chikwama changa, ndinayenda mpaka pa siteshoni. Ulendo wonse wa sitima ndi basi ndinkalankhula ndekha mumtima, kukonza mawu oti ndidzamuuze. Nditangolowa m'nyumba foni inalira. Mng'ono wangayo sanafunse chifukwa chimene ndinachokera. Anati mpira wachitatu uja sunali woipa, ndipo Loweruka likudzali ndibwere ndi nsapato zenizeni, zimene ndinavalazo zindipha bondo.

Sindinagule. Amuna anga akuti anaona zotsika mtengo m'sitolo ina ku Woolwich, ndipo akhala akundifunsa saizi yanga. Ndawauza kuti munthu amene wakhala nane zaka zonsezi osadziwa saizi ya phazi langa asandivutitse.